Adyo ndi wa m'ndiwo

Pali matenda amene munthu ukadzuka nawo umangotenga buku la kuchipatala n'kuuyatsa ulendo: malungo, chifuwa cha mwana, dzino lobowoka. Kuyabwa kwa kumusi kwa ife akazi sikuyenda njira imeneyo. Kumayamba kadzera kukhitchini, kumene kuli adyo, mandimu, mchere, soda ndi viniga. Kuchoka apo kumapita kwa mnzako wa ponda apa nane mpondepo, kenako pa gulu la amayi la pa WhatsApp, ndipo pofika pamaso pa namwino pamakhala patadutsa masabata, malo atatupa kale ndi zimene akhala akupakidwa. Zilangizo za ukwati ndakhalapo zambiri. Ndamva amayi akuluakulu akuphunzitsa mtsikana kalandiridwe ka apongozi, kasamalidwe ka mwamuna, mpaka za mikanda ndi za m'chipinda, koma sindinamvepo mlangizi akunena kuti, "Mwanawe, tsiku lina kumusiku kudzakuyabwa. Usadzachite mantha, ndipo usadzalowetseko kanthu."

Ine kunandipeza nditangomaliza makapisozi a amoxicillin amene anandipatsa nditachotsetsa dzino. Kuyabwa kwake n'kozunza chifukwa kuli pamalo poti sungakande pagulu. Kuntchito umangosunthasuntha pampando, kutchalitchi ulaliki ukamatalika iwe mtima uli kwina. Usiku ndiye kumachita kunyanya. Mkodzo ukakhudza pamene wakandapo umaotcha, ndipo pa panti pamaoneka chikazi choyera, cholimba, cha timibulu, koma chosanunkha. Kuposa ululuwo, ndimakumbukira funso limene linandizungulira m'mutu ndikuyang'ana bambo a kunyumba ali m'tulo tofa nato: kodi matendawa wandipatsa ndani? Ndikhulupirira kuti akazi ambiri amayambira pa funso lomweli, ndipo ndi limene limatithamangitsira kukhitchini. Matenda ochititsa manyazi munthu umafuna uthane nawo wekha, kusanache.

Chonsecho nthawi zambiri palibe amene wakupatsa. Choyambitsa ndi kafangasi ka mtundu wa yisiti kotchedwa Candida, makamaka Candida albicans, kamene kamakhala kale m'thupi la munthu wabwinobwino: m'kamwa, m'matumbo, pakhungu ndi m'njira yoberekera. Ndi komweko kamene kamabweretsa zoyera zija zomata lilime la khanda. Bungwe la CDC la ku America limati akazi 75 mwa 100 alionse amadwalapo matendawa pa moyo wawo, ndipo 40 mpaka 45 mwa 100 amadwala kawiri kapena kupitirira apo. Limatinso akazi 10 mpaka 20 mwa 100 amayenda nako kafangasika kumusi popanda vuto lililonse, ndipo oterowo safunika chithandizo. Matendawa sawerengedwa m'gulu la opatsirana pogonana. Namwali amene sanadziwepo mwamuna amadwala, mayi amene mwamuna wake ali ku Joni zaka ndi zaka amadwalanso. Mu 2018, magazini ya zachipatala ya The Lancet Infectious Diseases inawerengera kuti akazi pafupifupi 138 miliyoni padziko lonse amavutika chaka chilichonse ndi mtundu wake wobwerezabwereza. Ndiye inu amene mumadziona ngati ndinu nokha, mzere wake ndi wautali.

Ngati kafangasika kalipo kale, n'chiyani chimakapatsa mpata? Mu 1892, dokotala wa ku Germany, Albert Döderlein, anafotokoza za mabakiteriya amene amakhala m'njira yoberekera ya mkazi wathanzi. Lero amawatchula kuti Lactobacillus. Amapanga asidi amene amachititsa malowo kukhala owawasa pang'ono, ndipo amadzaza malo moti tizilombo tina timasowa pokhazikika. Amene analimapo mbatata akudziwa: kholowa akayanga bwino, udzu sudzutsa mutu; mbuzi zikangolowa n'kumudya, udzu umene unali pansi kale umatenga mzere wonse. Maantibayotiki sasankha. Akamapha mabakiteriya a pa dzino kapena a m'chifuwa amaphanso a kumusi, pamene fangasi samukhudza n'komwe. Mimba nayo imapereka mpata, chifukwa mahomoni a estrogen akachuluka, zakudya za kafangasika zimachulukanso. Chimodzimodzi matenda a shuga osasamalidwa, chitetezo cha m'thupi chikatsika chifukwa cha HIV, kapena kumwa mankhwala a masteroid nthawi yaitali.

Choncho thandizo loyamba losafuna mankhwala ndi kusiya kumwa mankhwala osafunikira. Kuno kwathu chimfine chikangoyamba, munthu amatuma mwana pa okala kukagula Bactrim kapena makapisozi awiri atatu, pamene chimfine chimayamba ndi mavairasi amene maantibayotiki sawatha. Ena akaona chikazi chilichonse amathamangira Flagyl. Flagyl ali ndi ntchito yake pa matenda ena a kumusi, koma Candida samupha, ndipo nthawi zina kuyabwa kumabwera munthu atangomaliza kumwa Flagyl yemweyo. Apa sindikunena amene anapatsidwa Bactrim kuchipatala pamodzi ndi ma ARV, kapena aliyense amene adokotala amulembera maantibayotiki. Amenewo apitirize ndi kumaliza, kuyabwa kukabwera akanene.

Tsiku lina m'mamawa, mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga wamng'ono, anagogoda pakhomo akuyenda motangadza.

"Alamu, kwagwanji m'mawa uno?"

"Alamu, ndapsa. Koma musawauze achimwene anu."

"Mwaikako chiyani?"

"Adyo basi. Ndinasinja pang'ono n'kukulunga m'kansalu. Pa gulu paja amati usiku umodzi zimatheka."

Sindinamuseke, chifukwa nzeru ya adyo siyochokera kumwamba chabe. Adyo akasinjidwa amatulutsa chinthu chotchedwa allicin, ndipo m'mbale ya ku labotale chimenechi chimalepheretsadi Candida kuswana. Apo ndi pamene amagwira amene amalalikira adyo, ndipo sanama. Koma m'mbale mulibe khungu. Adyo wamuwisi wosinja amaotcha ngakhale khungu la pamkono akamangiriridwapo nthawi yaitali, mpaka matuza. Nanga kuli bwanji khungu lofewa la m'kati, limene latupa kale ndi kukandidwa? Ku Melbourne, m'dziko la Australia, ofufuza anayesa kumwetsa akazi mapiritsi a adyo, ena n'kuwapatsa mapiritsi opanda kanthu, kenako n'kumayeza kuchuluka kwa Candida kumusi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014: panalibe kusiyana. Mlamu wanga anakhala m'beseni la madzi ozizira m'mawa umenewo, ndipo masana tinapita limodzi kuchipatala, kumene anafunika kuchiza zinthu ziwiri, fangasi ndi chilonda.

Mandimu ndi viniga ndiye sindiwapatsa ndi mpata womwe. Amene amawalimbikitsa amati amabwezeretsa kuwawasa kwa kumusi. Koma pa matenda a Candida kuwawasako kumakhala kusanachoke. Akayeza amapeza kuli pa mlingo wake wa nthawi zonse, pH yosapitirira 4.5, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene adokotala amasiyanitsira matendawa ndi ena. Munthu akuthira asidi pamalo pamene asidi sanasowe, pa khungu lokandika. Mwina wina anena kuti, nanga si kuchipatala komwe amapaka viniga? Inde, poyeza khansa ya khomo la chiberekero amapaka viniga wosungunula n'kudikira kanthawi kuti aone ngati pena payera. Kumeneko n'kufufuza, si kuchiza.

Yogati ndi chambiko ndiwo ayenera kumvedwa mofatsa, chifukwa mlandu wawo uli ndi mutu. Ngati vuto ndi kuchepa kwa mabakiteriya abwino, bwanji osawabwezera kuchokera mu mkaka wowawasa? Mu 1992, dokotala wina ku New York, Eileen Hilton, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti akazi odwaladwala matendawa amene ankadya yogati wa mabakiteriya amoyo tsiku ndi tsiku anayamba kudwala mwa apo ndi apo. Nkhaniyi inawanda dziko lonse ndipo mpaka lero ikuyendabe. Chimene sichinawande n'chakuti mwa akazi 33 amene anayamba nawo, amene anafika kumapeto anali 13 okha. Mu 2004, Marie Pirotta ndi anzake ku Melbourne anayesa funso limene likutikhudza ambirife: kodi kumwa kapena kuika Lactobacillus kumateteza mkazi amene akumwa maantibayotiki? Anapeza kuti ayi. Mu 2017, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana n'kumuunika pamodzi, linati mabakiteriya a m'mabotolowa akaphatikizidwa ndi mankhwala opha fangasi mwina amathandiza kuti munthu achire msanga, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo patapita miyezi kusiyanako sikuonekanso. Palinso ichi: mabakiteriya amene amawawasitsa mkaka si mtundu umodzi ndi amene amalamulira kumusi kwa mkazi, ngakhale dzina la banja n'limodzi. Ndiye chambiko mwani, n'chakudya chabwino, ine ndimachikonda. Koma kupaka kumusi yogati wa m'sitolo wothira shuga ndi fungo la sitiroberi, amenewo ndi masewera. Amene amati anapaka n'kumva bwino sakunama, kungoti chimene chinawathandiza ndi kuzizira, ndipo kuzizira madzi a mumtsuko ali nako.

Zina ndingodutsapo. Mafuta a tea tree amaotcha ndipo ena amatupa nawo. Uchi ndi mafuta a kokonati zili ndi otsatira ake, koma umboni woti zimachiza paokha ndi wochepa. Kukhalira nthunzi ya masamba owiritsa kwaotcha anthu, fangasi ali phee. Timipira ta zitsamba togulitsidwa pa Facebook, toti ukaika masiku atatu timatulutsa "zoipa zonse", zimene timatulutsazo ndi khungu lako lomwe limene tasupula. Kusiya buledi ndi mandasi poopa yisiti kulibe phindu: yisiti wofufumitsira ndi mtundu wina, ndipo amafera pamoto. Kuchepetsa shuga n'kwabwino pa zifukwa zambiri, koma amene amapindula mooneka pa nkhani ya kuyabwa ndi amene ali ndi matenda a shuga. Boric acid yekha ndiye wosiyana, pakuti madokotala amamugwiritsadi ntchito, kapisozi wa 600 mg woika kumusi, pa mitundu youma mutu monga Candida glabrata imene siimva mankhwala wamba. Koma ameneyo ndi mankhwala enieni ngakhale ogulitsa amutche wachilengedwe. Ndi poizoni akamezedwa, saloledwa kwa woyembekezera, ndipo si chinthu chongosiya pa windo m'nyumba ya ana.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri si za kukhitchini koma za kubafa, chifukwa izi tinachita kuphunzitsidwa ndi anthu otikonda. Ambirife tinauzidwa kuti mkazi waukhondo amatawasa mpaka m'kati, ndi chala, ndi sopo, m'mawa ndi madzulo. Kuti chinyezi cha kumusi ndi uve. Kuti mwamuna amafuna pouma. Ena amathira Dettol m'madzi otawasira, ena amapukuta m'kati ndi kansalu, ena amaika timiyala ndi tiufa toumitsa. Kuyabwa kukayamba, mkazi amaganiza kuti sakusamba mokwanira, ndiye amawonjezera sopo. Sopo akaumitsa khungu kuyabwa kumakula, iye amawonjezeranso. Alipo akazi amene fangasi anatha kalekale koma akuyabwabe chifukwa cha sopo yekha. Pamenepo m'pamene mawu a akuluakulu amagwira ntchito, akuti mankhwala a utsi n'kuthawa.

M'kati mwa mkazi mumadziyeretsa mokha. Chikazi choyera kapena chooneka ngati madzi, chosanunkha, chimene chimasinthasintha malinga ndi masiku a mwezi, ndiyo njira imene thupi limatulutsira zosafunika. Si matenda. Ndipo nkhaniyi siithera pa kuyabwa. Mu 2011, magazini ya PLoS Medicine inafalitsa zotsatira zophatikiza kafukufuku wa akazi masauzande ambiri a m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Anapeza kuti akazi amene amapukuta m'kati ndi nsalu kapena pepala, amene amaika zoumitsa kapena zothinitsa, ndi amene amatsuka m'kati ndi sopo, ankatenga HIV mochulukirapo kuposa anzawo. Mwambo umene cholinga chake ndi kusunga banja ukusupula khungu limene likanateteza mwini banjayo. Alangizi athu ndi anthu anzeru, amasintha zinthu akaona chifukwa chake. Ichi chokha akanasintha.

Ndiye pali za mauka. Mwana wanga woyamba ali wakhanda anatentha thupi, ndipo azakhali anga, amene anandilera mayi atamwalira, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mwanawe, kodi kumusiku sikukuyabwa?"

"Kumandiyabwa nthawi zina, azakhali."

"Basi ndi mauka amenewo. Mwanayu akuyamwa matenda ako. Mawa tilawire, akakudule."

Anayankhula mwachikondi, ndipo iwo omwe anadulidwapo pa utsikana wawo. Ndinawapempha kuti tiyambe tapita ndi mwana kukayezetsa magazi, za ine tikambirana pobwera. Anapezeka ndi malungo, anamwa mankhwala, anachira, ndipo nkhani yodula sinadzukenso. M'midzi yambiri chikhulupiriro chimenechi chikadalipo: kuti kuyabwa kwa mayi ndi kutentha thupi kwa mwana n'chinthu chimodzi, ndipo kuti mankhwala ake ndi lezala. Timinofu timene amadulato kawirikawiri ndi khungu lachibadwa la pakhomo, nthawi zina ndi njerewere zofunika kuonedwa ndi achipatala. Kudula sikuchotsa fangasi. Kumasiya bala pamalo a chinyezi, kumataya magazi a mayi woyamwitsa, ndipo lezala likakhala logwiritsa kale ntchito limatha kupatsira HIV kapena matenda a chiwindi. Choipa koposa, mwana wa malungo amachedwa kufika kuchipatala pamene akuluakulu akulimbana ndi mayi ake.

Tsono chotsala n'chiyani, ngati adyo ayi, viniga ayi, sopo ayi? Chotsala n'chochepa, ndipo sichigulitsidwa, mwina n'chifukwa chake sichitchuka. Kusamba kunja kokha ndi madzi oyera, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, osalowetsa chala. Kupukuta mosisita pang'onopang'ono, osakhula, ndi kansalu kakekake kouma. Pochoka kuchimbudzi, kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kuyabwa kukavuta usiku, kunyowetsa kansalu koyera m'madzi ozizira n'kukagoneka pamalopo, kapena kukhala m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi zingapo. Ine chimenechi ndi chimene chinandipatsa tulo, ndipo mpaka lero ndimachiyamikira kuposa malangizo onse amene ndinalandira. Kudula zikhadabo, chifukwa m'tulo dzanja limapita lokha. Mkodzo ukamaotcha, kuthirapo madzi pokodza, kapena kupaka Vaseline pang'ono kunja kokha kuti atchinge khungu losupukalo, pokumbukira kuti Vaseline amafooketsa kondomu.

Za zovala ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa manyazi athu amaonekera poyera. Malaya a bambo, mayunifolomu a ana ndi zitenje zimayanikidwa pa chingwe dzuwa likuswa mtengo. Mapanti a mayi amakolekedwa pa msomali kuseri kwa chitseko, kapena pa chingwe chomwecho koma atafunditsidwa chitenje, kuti apongozi kapena alendo asaone. M'miyezi ya mvula, Januwale ndi Febuluwale, amavalidwa asanaumitsitse. Atsikana a m'sukulu zogonera komweko amayanika pa chitsulo cha bedi, ena pansi pa matilesi, ndipo nyanda za kumwezi ndiye zimabisidwa koposa. Pamwamba pa panti wa nayiloni wa pa kaunjika pamabwera tayiti, pamwamba pake siketi, pamwamba pake chitenje, mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima. Fangasi amakonda pofunda ndi ponyowa. Kafukufuku wotsimikiza kuti panti wa kotoni amachiza ndi wochepa, ndipo sindinganene kuti nayiloni ndiye gwero la matendawa. Koma khungu lotupa limapepukidwa likamapitidwa mphepo, ndipo kuyesa kwake n'kwaulere: panti wa kotoni wosathina, wochapidwa n'kutsukuluzidwa bwino kuti sopo achoke, wouma ndi dzuwa, wositidwa ngati nsimbi ilipo, popeza kusita kumaphanso mazira a mphutsi. Usiku kugona ndi chitenje chokha. Mapadi ndi nyanda kusintha pafupipafupi, ndipo a fungo lonunkhira kuwasiya m'sitolo momwemo.

Za m'chipinda nazo zimafuna kupumira mpaka kutupa kutatha. Kukhudzana pa khungu losupuka kumawawa ndipo kumachedwetsa kupola. Apa m'pamene ambiri zimativuta, chifukwa kuuza mwamuna kuti "bambo, sabata ino mundipirire, ndikudwala kumusi" kumadzutsa mafunso amene mkazi akuwaopa. Abambo amene mukuwerenga, dziwani kuti matendawa sasonyeza kuti mkazi wanu wayenda njira zina, ndiponso sasonyeza kuti inu mwayenda. Nthawi zambiri mwamuna safunika n'kulandira mankhwala komwe, pokhapokha nayenso akamayabwa kapena kufiira kunsonga.

Zonse ndatchulazi zimatonthoza, zimachotsa zimene zikukolezera moto, ndipo kuyabwa kukakhala kochepa nthawi zina kumatha kokha, makamaka msambo ukafika. Koma sizipha fangasi amene wakhazikika. Amene amamupha ndi mankhwala wamba, osadula kwenikweni, monga clotrimazole woika kumusi kapena piritsi la fluconazole, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino pa masiku awiri kapena atatu. Ine ndinachira ndi oika kumusiwo. Sindiona chanzeru choti mkazi azunzike masabata atatu ndi kansalu konyowa pamene thandizo lilipo, pongofuna kuti anene kuti anachira mwachilengedwe. Woyembekezera ndiye asadzigulire yekha piritsi lomeza; malangizo a zachipatala amati agwiritse ntchito oika kumusi kwa masiku 7, ndipo pa sikelo amadziwa zimenezi.

Vuto lalikulu la kudzichiza kunyumba, kaya ndi adyo kaya ndi mankhwala a ku famase, n'lakuti umayamba waganiza wekha dzina la matenda. Mu 2002, ku America, Daron Ferris ndi anzake anayeza akazi 95 amene anali atangogula okha mankhwala a fangasi, aliyense ali wotsimikiza kuti akudziwa chimene chikumuvuta. Amene anapezeka ndi Candida yekha anali pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Otsalawo anali ndi matenda ena, kapena Candida wosakanikirana ndi ena, ndipo ena analibe matenda alionse. Ngakhale amene anadwalapo kale sanalondole kuposa anzawo. Chikazi chotuwa chonunkha nsomba chimaloza ku kusokonekera kwa mabakiteriya. Chachikasu kapena chobiriwira cha thovu chimaloza ku kachilombo ka Trichomonas, kamene n'kopatsirana pogonana ndipo kamafuna kuti onse awiri alandire mankhwala. Chinzonono chimatha kukhala mwa mkazi mwakachetechete n'kutseka machubu a chiberekero. Kwa akazi a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, ndi ena onse amene amachapa ndi kusamba m'madzi a nkhono, likodzo limatha kuikira mazira m'njira yoberekera ndi pa khomo la chiberekero n'kumabweretsa kuyabwa, chikazi ndi timagazi, munthu n'kumangoti ndi mauka. Ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha akazi ambiri padziko lonse. Chikazi chamadzimadzi chonunkha, chosakanikirana ndi magazi, sichofunika kutaya nacho miyezi munthu akuyesa zitsamba.

Msuweni wanga wina anakhala akulimbana ndi kuyabwa kobwerezabwereza pafupifupi chaka chathunthu. Anasintha sopo, anasintha mapanti, anakangana ndi mwamuna wake mpaka nkhani inafika kwa ankhoswe. Namwino wina wachikulire ndiye anamufunsa funso limene palibe anali atamufunsapo: "Amayi, kodi mumamva ludzu kwambiri? Usiku mumadzuka kangati kukataya madzi?" Atamubaya chala anapeza shuga ali pamwamba. Shuga atatsika, kuyabwa kunatsika naye. Ankhoswe aja anaweruza mlandu wa matenda a shuga.

Komabe sindiwadzudzula akazi amene amayambira kukhitchini. Ndikudziwa chimene akuthawa: ulendo wa kabaza, mzere wa m'mawa mpaka masana, kachipinda kamene chitseko chake sichitsekeka bwino, dokotala wamwamuna wa msinkhu wa mwana wako. M'zipatala zathu zambiri mulibe poyezera chikazi, ndiye achipatala amatsata zizindikiro n'kupereka mankhwala a matenda angapo nthawi imodzi. Njira imeneyi yapulumutsa anthu ambiri ku matenda opatsirana pogonana, koma imachititsanso kuti mkazi wa fangasi chabe abwerere kunyumba ndi maantibayotiki ndi uthenga woti "mukabwere ndi abambo". Tangoganizani mtsikana wongokwatiwa kumene akukapereka uthenga umenewo. Ulendo wotsatira adzasankha adyo. Anamwino athu akanamapatula mphindi imodzi kumuuza mkazi momveka kuti "amayi, zikuoneka kuti ndi fangasi, si matenda a chiwerewere, ndipo asiyeni sopo m'katimo," bwenzi theka la malonda a pa WhatsApp litagwa.

Inu amene kwayamba kukuyabwani, usiku uno sambani kunja kokha ndi madzi, ikani kansalu kozizira, gonani ndi chitenje, ndipo musalowetseko chilichonse cha kukhitchini kapena cha m'tchire. Ngati n'koyamba, ngati muli ndi pakati, ngati pali fungo, zilonda, magazi, kutentha thupi kapena kupweteka m'chinena, kapena ngati padutsa masiku atatu osasintha, tengani buku lanu mupite kuchipatala. Kukabwerera katatu m'chaka chimodzi, musangolandira mankhwala n'kutuluka: pemphani akuyezeni shuga ndi HIV, ndipo funsani tsiku limene amayeza khomo la chiberekero.